A Sylvari: anthu obadwa mumtengo ali akuluakulu kale

Pa ntchito yanga yolemba nkhani za m'masewera a pakompyuta, achinyamata amakonda kundibweretsera mitundu ya anthu opeka yosapsa bwino. Wina ajambula mtsikana wokongola, amupaka zobiriwira, amusomeka masamba m'mutu, basi akuti awa ndi anthu a zomera. Ndikafunsa kuti amabadwa bwanji, amalera ndani, akamwalira amalira ndani, amangoti kukamwa yasaa. Pamenepo ndimawauza kuti akaone a Sylvari a m'masewera a Guild Wars 2, amene kampani ya ArenaNet ya ku Bellevue, ku America, inatulutsa pa 28 Ogasiti 2012.

Awa ndi masewera aja amene anthu miyandamiyanda amasewera limodzi pa intaneti, aliyense atasankha amene akufuna kukhala m'dziko lopeka la Tyria. Mitundu yosankhapo ilipo isanu, ndipo wa a Sylvari ndiwo waung'ono pa kubadwa. Nawonso a ArenaNet anayamba ndi anthu ofanana kwambiri ndi ife, ongokongoletsedwa ndi masamba. Mu 2011 wojambula wawo Kristen Perry anawakonzanso. Khungu linasanduka masamba ndi makungwa osanjikizana, tsitsi linakhala nthambi ndi maluwa, ndipo usiku matupi awo amanyezimira ngati ziphaniphani. Akavulala satuluka magazi koma utomoni wagolide.

Komabe chimene chimandigwira mtima si maonekedwewo ayi. M-Sylvari alibe bambo, alibe mayi womubereka, sanakhalepo khanda. Amakula m'khoko lolendewera pa chimtengo chimodzi chotuwa chotchedwa Pale Tree, chimene onse amachitcha Amayi. Ali m'khokomo amalota loto limene mtundu wonse umagawana, ndipo zimene anzake anaona kunja zimadontheramo. Tsono akatuluka amadziwa kuyankhula, kuyenda ndi kugwira lupanga, koma sanapondepo matope kapena kunamizidwa ndi munthu. Oyamba khumi ndi awiri anadzuka m'chaka cha 1302 pa kalendala ya dzikolo, pamene nkhani ya masewerawa imayamba mu 1325. Wamkulu pa mtundu wonse sanakwanitse n'komwe zaka 25.

Apa pali luso limene ambiri saliona. Wosewera watsopano naye amafika atamva zambiri kwa anzake koma asanaonepo kalikonse. Akasankha m-Sylvari, kudabwa kwake ndi kufunsafunsa kwake zimagwirizana ndendende ndi munthu amene akumuyendetsayo. Wolemba nkhani savutikanso kupeza chifukwa chofotokozera zinthu zimene munthu wamkulu wa m'dzikomo akanazidziwa kale.

Nanga anthu opanda makolo amatenga kuti mwambo? Msilikali wina wa mtundu wa anthu, Ronan, anapeza mbewu yachilendo m'phanga. Pobwerera kwawo anapeza banja lake litaphedwa, ndipo anaidzala pamanda pawo, n'kusiya nkhondo. Amene anatsala akusamalira mtengowo anali Ventari, nkhalamba ya mtundu uja wa thupi la kavalo koma chifuwa ndi mutu za munthu, nayenso wotopa ndi kuphana. Asanamwalire anazokota malangizo ake pamwala n'kuusiya patsinde, ndipo mizu inaukuta. Limodzi mwa malangizowo limati zovuta n'zosaopsa, pakuti nthaka youma imalimbitsa mizu. Choncho khalidwe lonse la a Sylvari linachokera kwa alendo awiri amene sanaone n'komwe mwana mmodzi wa mtengowo.

Pamenepa ndi pomwe panabadwira adani abwino kwambiri m'nkhaniyi. Gulu la a Sylvari opanduka lotchedwa Nightmare Court, limene anayambitsa m-Sylvari mnzawo Cadeyrn, likufunsa kuti n'chifukwa chiyani tizilamulidwa ndi mawu a mlendo amene sanali wa mtundu wathu. Njira zawo n'zankhanza, amazunza anzawo kuti ululuwo ulowe m'loto la onse. Koma funsolo si lopusa, ndipo wosewera amalimva kulemera kwake.

Yankho linayamba kuululika mu Januwale 2015, n'kupitirira mu Okutobala ndi gawo lowonjezera la Heart of Thorns, ndipo linali lowawa. Mbewu ija inali ya chinjoka cha m'nkhalango, Mordremoth. A Sylvari analengedwa kuti akhale asilikali ake, kungoti mtengo wawo unakulira pa malangizo a Ventari. Chinjokacho chitadzuka, ambiri anamva mawu ake m'mutu natembenukira anzawo pankhondo. Trahearne, woyamba kubadwa pa onse, anagwidwa, ndipo pomaliza ndi wosewera mwini amene amamupha, iye atapempha yekha, kuti chinjokacho chisadzukenso kudzera mwa iye.

Chimene ndimadandaula n'chakuti olembawo anadutsa mofulumira pa zotsatira zake. Mtundu umene anzake onse ayamba kuukayikira, umenenso ukudzikayikira wokha, unali nkhani yokwanira zaka zingapo, koma masewerawo anathamangira kwa adani ena. Ndikanakonda kukhala nthawi yaitali mu The Grove, mudzi wawo wa patsinde pa mtengowo, n'kumva zimene Amayi amauza ana amene akutuluka m'makoko atalota kale za chinjokacho.