Za drip ndi jekiseni zija tisiye kutumizirana

Uthenga uja wabweranso m'magulupu a WhatsApp kuno ku Zomba, woti munthu akagonekedwa ndi sepsis madokotala amangotsatira za m'buku, drip ndi majekiseni ndi zomwe zimamupha, bola kumusunga kunyumba. Abale, izi ndi zabodza ndipo zikutiphetsa anthu.

Sepsis ndi pomwe matenda, kaya chibayo, chilonda cha mafinya, kapena matenda a mayi atangobereka, afika poti thupi layamba kuwononga ziwalo zake lomwe, impso, mapapo, BP nkutsika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2017 anthu pafupifupi 11 miliyoni anamwalira nayo padziko lonse. Malangizo amati wodwala kwambiri alandire ma antibiotic mkati mwa ola limodzi, ndiye kumusunga kunyumba ndi kumene kumapha. Drip nayo samangothira chisawawa, kafukufuku wa 2011 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anapeza kuti kuthira madzi ambiri mwachangu kumawonjezera imfa za ana, malangizo a ana anasinthidwa, madzi amachita kuyeza.

Ukabwera uthenga wopanda dzina la wonena, musautumize, kafunseni kaye anesi kapena clinical officer ku health centre. Mwana akamapuma mofulumira, sakuyamwa, watentha kapena wazizira thupi, thamangani naye ku chipatala cha Zomba Central usiku omwewo.