Quark yachinayi anaidziwa bwanji asanaione?

Sabata yatha ku staff room kwathu ku Kawale tinakangana mpaka tiyi kuzizira. Abambo ena ophunzitsa masamu amati anthu a ku CERN, malo ofufuzira tizidutswa tating'onoting'ono ta zinthu ku Ulaya, ndi ongodya ndalama, eti mu Malichi 2021 gulu lawo la LHCb linalengeza kuti tizidutswa totchedwa B meson tikusweka mosemphana ndi Standard Model, chiphunzitso chachikulu chofotokoza tizidutswa timeneti, kenako mu Disembala 2022 omwewo anabwera nkunena kuti ayi, tizidutswa tina tinkawerengedwa molakwika ngati ma electron. Zimenezo ndi zoona ndithu, koma nkhaniyi ili ndi gwero lake.

Zaka za m'ma 1960 asayansi ankadziwa mitundu itatu yokha ya ma quark, tizidutswa timene timapanga tizidutswa tina ngati proton: up, down ndi strange. Vuto linali pa kaon, kachidutswa kokhala ndi strange mkati. Masamu amaonetsa kuti strange izisanduka down mosavuta popanda kusintha chaji yake, ndiye kaon izisweka pafupipafupi kukhala ma muon awiri (muon ndi ngati electron yolemera), koma akayeza zimangokhala ngati sizichitika, lero tikudziwa kuti ndi maulendo pafupifupi 7 pa biliyoni imodzi. Mu 1970 asayansi Glashow, Iliopoulos ndi Maiani anati payenera kukhala quark yachinayi, charm, imene gawo lake m'masamu a kuswekaku limafafaniza gawo la up, monga ngongole ya pa grosale ukabweza amadula mzere m'kope. Kungoti sizifafanizana zonse chifukwa charm ndi yolemera kwambiri, kamatsala kachenje, ndipo kuchokera pa kotsalako Mary Gaillard ndi Benjamin Lee mu 1974 anawerengera kuti kulemera kwa charm kuli cha m'ma 1.5 GeV (GeV ndi muyezo wa kulemera kwa tizidutswa). Taganizani, kuyeza chinthu choti palibe anachionapo! Novembala chaka chomwecho gulu la Richter ku SLAC ndi la Ting ku Brookhaven, malo ofufuzira a ku America, anapeza kachidutswa katsopano kotchedwa J/psi, charm yomweyo ili mkati. Mabuku ambiri amathamangira Nobel ya 1976 ya awiriwa, mayi Gaillard amangowatchula modutsa, koma ukaona madeti a mapepala, masamu ndiwo anatsogola. Ndipo popanda charm, chiphunzitso cha Weinberg ndi Salam chophatikiza mphamvu ya magetsi ndi weak force, mphamvu imene imaswetsa tizidutswa ngati kaon, sichikanagwira pa ma quark.

Zapakatipo ndidumphe, ma quark anakwana 6 mu 1995.

Ndiye mu 2021 anthu anatekeseka chifukwa chani? Ziphunzitso zofuna kuphatikiza mphamvu zonse, ngati cha Pati ndi Salam cha 1974, zimalosera tizidutswa tolemera totchedwa leptoquark toti makina athu mwina sangatipange, koma phazi lake lingaoneke pa kusweka kosowa ngati kumeneku, ndendende mmene charm inaonekera. Ndinawauza kuti abambo, amene anatulukira cholakwikacho ndi a LHCb eni ake, anabwereza ntchito yonse nkulengeza poyera.

Kusaka sikunaleke. Mu Seputembala 2024 gulu la NA62 ku CERN komweko linatsimikiza kaon ikusweka kukhala tizidutswa totchedwa pion ndi ma neutrino awiri, maulendo pafupifupi 13 pa mabiliyoni 100, chokwererapo pang'ono kuposa zimene Standard Model imanena koma osati mokwanira kuimba nthungululu. Abambo aja anangoti tidikire, nkunyamula choko ulendo ku Fomu 3.