Musakonze release notes ngati chimangirizo cha kusukulu

Ntchito yanga ndi kukonza zolembedwa zimene zimatuluka limodzi ndi mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ndatopa ndi funso limodzi limene limabwera nthawi ndi nthawi: "Kodi si kungoika zilembo zazikulu pamalo pake basi?" Ayi, si basi. Release notes ndi chikalata chimene amatulutsa pamodzi ndi version yatsopano ya pulogalamu, chofotokoza zimene zawonjezedwa, zimene zachotsedwa ndi zimene zinali zowonongeka koma zakonzedwa. Pulogalamuyo ikakhala yolembera, monga Vim, Notepad++ kapena Visual Studio Code, m'chikalatamo mumakhala mawu amitundu iwiri. Ena ndi a anthu, ena ndi a makina. Wokonza amene satha kuwasiyanitsa asachigwire chikalatacho.

Mawu a anthu ndi amene munaphunzira kusukulu. Chiganizo chiyambe ndi chilembo chachikulu, chithere ndi mpumiro, dzina lamwinimwini lilembedwe monga mwini wake amalilembera. Kampani ya Apple inasintha dzina la OS X, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ake, kukhala macOS mu 2016, ndi m wamng'ono, ndiye musamuike m wamkulu chifukwa choti dzinalo lili poyambira chiganizo, sinthani chiganizocho. GitHub ali ndi H wamkulu pakati, JavaScript ali ndi S wamkulu. Pa zimenezi sindichedwapo.

Nkhani ili pa mawu a makina. Mu Vim, imene Bram Moolenaar anaitulutsa mu 1991, mukadina ZZ ndi zilembo zazikulu pulogalamuyo imasunga fayilo yanu n'kutseka. Mukadina zz ndi zilembo zazing'ono, imangosuntha mzere umene mulipo kuti ukhale pakati pa sikirini. Ndipo ZQ imatseka osasunga chilichonse. Mu Visual Studio Code muli dzina la makonzedwe lolembedwa files.autoSave, ndi f wamng'ono, a wamng'ono, S wamkulu. Pa Linux, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, fayilo yotchedwa README ndi yotchedwa readme ndi mafayilo awiri osiyana ndipo angakhale mufoda imodzi. Kwa mphunzitsi wa Chingelezi, files.autoSave ndi cholakwika choyenera inki yofiira. Kwa kompyuta, ndi dzina lokhalo limene imalidziwa. Mukalikongoletsa, kompyuta sikutsutsani, imangokhala chete osachita chimene mwaiuza.

Kukhala chete kumeneko ndiko kumandipwetekabe mtima ndikakumbukira nkhani ina. Gulu lina laling'ono linkagwiritsa ntchito pulogalamu yolembera imene mu version yatsopano inabwera ndi njira yosungira yokha zimene munthu akulemba. Njirayo inali yozimitsa, ndipo release notes inanena mzere umene munthu ayenera kuulemba mufayilo ya makonzedwe kuti iyake. Mnyamata wina wakhama, wofuna kuthandiza anzake, anakopera chikalatacho, n'kuchipititsa mu pulogalamu yokonza sipelo, n'kuchitumiza kwa onse chikuoneka bwino kwambiri. Pulogalamu yokonza sipeloyo inaona mzere woyamba ndi chilembo chaching'ono n'kuikapo chachikulu. Inasinthanso zizindikiro zogwira mawu, zowongoka zija, kukhala zopindika zimene zimakongola m'mabuku koma makina sazimva. Mayi wina amene ankamasulira chikalata chachitali anakopera mzerewo monga anauzidwira, nakhulupirira kuti ntchito yake ikusungika yokha, nasiya chizolowezi chake chosunga pafupipafupi. Magetsi atazima masana, ntchito ya m'mawa wonse inapita. Chimene chimandiwawa n'chakuti mayiyo anachita zonse molondola. Anawerenga chikalata, chinthu chimene ambiri sachita, ndipo anamvera. Amene sanawerenge sanataye kanthu.

Ndiye lamulo langa n'losavuta. Mawu alionse amene munthu adzawalembe kapena kuwadina pa kiyibodi, dzina la fayilo, dzina la batani, nambala ya version, muwatsimikize mu pulogalamu yeniyeniyo, osati mu dikishonale. Tsegulani pulogalamuyo, kopani mzerewo kuchokera mu chikalata chanu chokonzedwacho, muone ngati ukugwira ntchito. Ngati simungathe kuyesa, musasinthe. Lembani funso kwa amene anapanga pulogalamuyo.

Pa galamala, chimene ndimayang'ana kwambiri ndi nthawi ya mneni. Opanga mapulogalamu amazolowera kulemba "Fix crash", kutanthauza "konza vuto loti pulogalamu ikuima mwadzidzidzi", monga lamulo, chifukwa ndi mmene amalembera akamasunga ntchito yawo mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zimene asintha. Munthu wamba akawerenga sadziwa ngati vutolo lakonzedwa kale kapena likudikira kukonzedwa. Mungasankhe "Fixed" kapena "Fix", koma mndandanda wonse uyende mofanana, ndipo mavuto amene adakalipo akhale pamutu wawowawo. Chenjeraninso ndi kamawu kotsutsa. Wokonza wofuna kufupikitsa chiganizo akagwetsa "not" kapena "no longer", chiganizo chimamveka chosalala koma chikunena zosemphana ndi zoona.

Tsopano za asing'anga onyenga, pakuti m'ntchito ino nawonso alimo, ndipo ali ngati uja wopereka mankhwala amodzi pa nthenda iliyonse. Mankhwala awo ndi batani la Replace All, losintha mawu paliponse pamene akupezeka nthawi imodzi. Amaona "vim" pamalo amodzi, n'kusintha paliponse kukhala "Vim", osadziwa kuti dzina la pulogalamu ndi Vim koma lamulo loitsegulira ndi vim. Ena amapititsa chikalata chonse mu makina olemba okha n'kuchibweza osachiwerenga, atasinthiratu manambala ndi mayina. Ena safuna n'komwe kukonza, amangofuna dzina lawo lioneke. Mu Okutobala 2020, pa mwambo wa Hacktoberfest wa kampani ya DigitalOcean, pamene ankapereka malaya kwa otumiza zosintha ku mapulogalamu aulere, osamalira mapulogalamuwo anadzazidwa ndi tizosintha topanda pake, mawu amodzi apa, mpumiro apo, mpaka okonza mwambowo anasintha malamulo m'masiku oyambirira a mweziwo. Osamalirawa ambiri amagwira ntchito mongodzipereka. Ngati mwapeza zolakwika zenizeni, zisonkhanitseni, mutumize kamodzi, mufotokoze chifukwa cha chilichonse, ndipo musasakanize kukonza sipelo ndi kusintha tanthauzo.

Wina atha kunena kuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono. Taonani chimene chikalatachi chimanyamula nthawi zina. Mu 2019 kunapezeka kuti kungotsegula fayilo yokonzedwa mwachinyengo mu Vim kunkatha kuyendetsa malamulo a munthu wina pa kompyuta yanu; vutolo, lotchedwa CVE-2019-12735, linakonzedwa mu Vim 8.1.1365 ndi Neovim 0.3.6, pulogalamu yochokera ku Vim. Mu Marichi 2017, Notepad++ 7.3.3 inatuluka kudzatseka mpata umene unaululika m'zikalata za CIA, bungwe la akazitape la dziko la America, zimene WikiLeaks, gulu loulula zikalata zachinsinsi, inafalitsa. Nkhani zotere zikakwiriridwa pansi pa mizere makumi atatu yolembedwa mosokonekera, kapena wokonza akalakwitsa nambala imodzi ya version, munthu amaganiza kuti ndi wotetezeka pamene sali, ndipo amazengereza miyezi. Za chitetezo zikhale pamwamba, m'chiganizo chachifupi chonena version imene ili ndi vuto ndi imene munthu ayenera kuika.

Nanunso owerenga, musadikire. Mukaona mzere mu release notes umene mwaukopera bwinobwino koma sukugwira ntchito, musaganize kuti vuto ndi inu. Uyerekezeni ndi buku la malangizo la pulogalamuyo chilembo ndi chilembo, ndipo mukapeza kusiyana dziwitsani eni ake tsiku lomwelo, chifukwa chikalatacho chikukopedwa ndi anthu ena pamene inu muli chete.