Magazi anu akalowa m'botolo la ku labu, masiku asanu onsewo timatani nawo?

Funso lomwe ndimalandira kawirikawiri kuno ku Zomba, makamaka kwa agadiyani amene achokera kutali ngati ku Jali kapena ku Mayaka ndipo thiransipoti yawathera, ndi lakuti "achimwene, magazi munatenga Lolemba aja mpaka lero zii, mwataya kapena?" Sitinataye ayi mayi. Kuyeza malungo ndi mphindi 20 basi zatheka, koma blood culture, kuyeza kofufuza ngati m'magazi muli mabakiteriya, ndi ulimi, timadzala kenako n'kudikira kuti chimere.

Magazi aja timawathira m'botolo lomwe muli kale msuzi wodyetsa mabakiteriya, ndiye botololo limakhala malo otentha ngati thupi la munthu, madigiri 35 mpaka 37. Njira yakale, yomwe malabu ambiri akugwiritsabe, ndi yoyang'ana ndi maso m'mawa uliwonse ngati msuzi wachita mbuu. Pano kuli mashini, odziwika kwambiri ndi BACTEC a kampani ya BD ku America ndi BacT/ALERT a bioMérieux ku France. Nzeru yake ndi yokoma zedi: mabakiteriya akamadya amatulutsa mpweya wa carbon dioxide ngati mmene ifenso timachitira, ndiye pansi pa botolo anaikapo kachinthu kamene kamasintha mpweyawo ukachuluka, pa BacT/ALERT kamasanduka kachikasu, ndipo mashini amasuzumira botolo lililonse mphindi 10 zilizonse usana ndi usiku kwinaku akuligwedeza, akangoona kusintha amalira. Pamenepo timatenga kadontho, kukapaka utoto wa Gram, njira imene Hans Christian Gram anatulukira mu 1884 ndipo mpaka lero sitinaisiye, kuyang'ana pa maikulosikopu, kenako kudzalanso pa timbale kuti tidziwe dzina la kachilomboko ndi mankhwala amene angakaphe. Izi zimadyanso tsiku limodzi kapena awiri. Botolo likakhala chete masiku 5 ndi pomwe timalemba kuti palibe chamera.

Chimandiwawa ine ndi nkhani ya mabotolo. Luso limeneli eni ake analiteteza ndi patent, lamulo lopatsa wotulukira chinthu umwini kwa zaka 20, ndipo ngakhale zakazo zithe mashini aliwonse amawerenga mabotolo a kampani yake yokha, la BACTEC silingagwire mu BacT/ALERT. Mabotolo onsewo ndi ochokera kunja, amafuna forex, amakhalanso ndi tsiku lothera ntchito. Ndiye mutha kupeza mashini abwinobwino angokhala ataphimbidwa nsalu chifukwa mabotolo atha, osanenanso za magetsi akazima jenereta ilibe dizilo.

Koma phindu lake lilipo lalikulu. Ku Blantyre, chipatala cha Queens ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuchita blood culture kuyambira 1998, ndipo ndi mabotolo omwewa amene anaonetsa kuti taifodi yayamba kukwera cha mu 2011 komanso kuti mankhwala akale monga chloramphenicol ndi bactrim sakuigwiranso. Katemera wa taifodi amene ana athu analandira mu 2023 sanangobwera, umboni unalipo.

Tsono mashini akhale odula bwanji, sangamere chomwe mulibe m'botolo. Mwa munthu wamkulu tizilombo timakhala tochepa kwambiri, nthawi zina osakwana kamodzi pa ml imodzi ya magazi, n'chifukwa chake timatenga 8 mpaka 10 ml pa botolo, kwa mwana timachepetsa malinga ndi sikelo yake. Ndimamva anthu akudandaula kuti mukumaliza magazi a wodwala, koma ndi masupuni awiri a tiyi okha, thupi limabweza. Timapukutanso khungu ndi sipiliti n'kudikira liume, osati kukuchedwetsani dala, mabakiteriya a pakhungu akalowa m'botolo amamera iwowo n'kutinamiza.

Ndipo chachikulu chimene ndikupempha ndi ichi, ambiri amafika atamwa kale makapisozi a amoxicillin ogula pa okala ku Chinamwali kapena mumsika, masiku atatu, kenako kuchipatala n'kubisa poopa kukalipiridwa. Mankhwala aja amafooketsa tizilombo moti m'botolo sitimera pomwe munthu akudwaladi. Mabotolo ena ali ndi timikanda toyamwa mankhwalawo koma mankhwala ena amatsalabe. Ngati munamwa nenani, tchulani dzina lake ndi tsiku lomwe munayamba, kapepala kake ngati mukadali nako bwerani nako tikaone.