"Ndikumwa, adokotala"

Agogo ena a kumbali ya Jali ankabwera kwa ine mwezi ndi mwezi chifukwa cha BP. Ndikawayeza, nambala ya pamwamba inkakhala 170, tsiku lina 180, pomwe ife timafuna izikhala pansi pa 140. Ndinkafunsa kuti, "Mankhwala mukumwa, agogo?" Iwo ankati, "Ndikumwa, adokotala." Ndinkalemba m'buku lawo la kuchipatala n'kuitana wotsatira.

Ulendo wachinayi ndinaika cholembera pansi. Ndinati, "Agogo, mankhwala awa amavuta anthu ambiri, ena amadumphitsa masiku. Inuyo akukuvutani pati?" Anakhala chete kanthawi, kenaka anamasula nsonga ya chitenje. Munali mapiritsi a miyezi iwiri osakhudza. Mankhwala amene tinawapatsa, hydrochlorothiazide, amakodzetsa. Iwo ankamwa pogona, ndiye usiku ankadzuka kangapo kupita kuchimbudzi chomwe chili kuseri kwa nyumba, mumdima, ali ndi mantha kuti agwa. Anangowasiya. Chomwe chinkafunika n'kuwauza kuti azimwa m'mawa basi, koma miyezi itatu inadutsa chifukwa funso langa linkangofuna yankho lakuti "eya".

Agogowo sankafuna kundinamiza. Kwathu kuno munthu sakonda kutsutsa wovala koti yoyera, ndipo ambiri anakalipiridwapo penapake atanena zoona. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. N'zoona, koma nthawi zambiri ndife achipatala amene timatsamira chitsekocho ndi nkhope zathu ndi changu chathu.

Mzere umakhala wautali, sindikukana. Koma moni, kumutchula munthu dzina, kumusiya amalize chiganizo chake choyamba, sizitha ngakhale mphindi ziwiri. Munthu akati "thupi lonse likuwawa" kapena "mtima ukuthamanga", nthawi zina pansi pake pali maliro a posachedwa, ngongole kapena nkhanza za m'banja. Sanganene zimenezo pamaso pa apongozi ake omwe amuperekeza, n'chifukwa chake ndimapempha woperekeza kuti adikire kaye panja. Ndipo kuno ku Zomba alipo achikulire amene ululu wawo amaufotokoza bwino m'Chiyao. Ndi bwino kufuna mnzako wodziwa chilankhulocho kusiyana n'kumangoganizira.

Ma ARV atayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, tinaphunzira kuti mankhwala a moyo wonse amayenda pa chikhulupiriro. Amene amaopa kunena kuti anadumphitsa, amasiya kubwera. N'chimodzimodzi ndi shuga, khunyu, BP ndi matenda a maganizo amene anzathu a ku Zomba Mental Hospital amathandiza. BP ndiye yoopsa mwapadera chifukwa kawirikawiri siwawa, imangowononga mitsempha, impso ndi mtima mwakachetechete mpaka munthu adzafe ziwalo.

Wodwala asananyamuke ndimati, "Tandiuzani mmene mukamwere mukafika kunyumba." Si mayeso, ndimadziyesa ndekha ngati ndafotokoza zomveka. Pa LA wa malungo mpomwe ndimaona phindu lake: amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, koma ambiri amasiya thupi likangozizira.

Inunso muli ndi mbali yanu. Bwerani ndi buku lanu pamodzi ndi mankhwala otsala. Ngati mwamwako a kwa asing'anga, nenani, chifukwa zitsamba zina zimalimbana ndi mapiritsi kapena kuvulaza chiwindi ndi impso, ndipo sitingakutetezeni pa zomwe sitikuzidziwa. Funsani dzina la matenda anu, ntchito ya mankhwala ndi tsiku lobweranso. Ndi ufulu wanu, si mwano.

Agogo aja anabweranso patatha mwezi, BP ili 138. Asanakhale n'komwe pansi anayamba okha: "Adokotala, Lachitatu ndinaiwala, ndinali kumaliro ku Mayaka."