Musanagumule zenera lakale, yang'anani khoma, mphepo ndi dzuwa

Chaka ndi chaka mvula ikangosiya ndimayamba kulandira mafoni a eni nyumba amene akufuna kusintha mazenera, ndipo ambiri mwa iwo amakhala atasankha kale zimene akufuna ndisanafike n'komwe pamalopo. Amanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha nyumba ina yatsopano ya ku Area 43 kapena ku Namiwawa, yokhala ndi mazenera a aluminiyamu otsegula mokankhira m'mbali ndiponso magalasi akuda, n'kunena kuti akufuna otero. Sindikana kuti mazenera amenewa ndi okongola, koma pa zaka zimene ndagwira ntchito yomanga ndi kukonza nyumba ndaona kuti zenera losankhidwa chifukwa cha maonekedwe okha limadzadandaulitsa mwini wake mu Okutobala kutentha kukafika pachimake, kapena mu Januwale mvula ya mphepo ikayamba kuwomba khoma. Zenera limasankhidwa chipinda ndi chipinda, poona kumene chipindacho chaloza, mphepo imene chikufuna, ndi mmene khoma lake linamangidwira.

Ndiyambe ndi khomalo, chifukwa ndi limene anthu amaliiwala kwambiri. Nyumba zambiri za m'mapuloti athu zinamangidwa popanda lintel, womwe ndi mtanda wa konkire wokhala ndi zitsulo m'kati umene umagona pamwamba pa zenera kuti usenze njerwa zonse za pamwamba pake. Womanga ankangoimika felemu lachitsulo, n'kulowetsa timakutu take pakati pa njerwa, kenako n'kupitiriza kuyala njerwa pamwamba pa felemulo, nthawi zina ndi dothi m'malo mwa simenti. M'nyumba yotere felemu lachitsulo lija ndi limene lakhala likusenza khoma kwa zaka 20 kapena 30, ndipo tsiku limene mwalichotsa mwachotsanso mzati. Felemu la aluminiyamu silingalowe m'malo mwake pa ntchito imeneyi, pakuti aluminiyamu wa mazenera ndi wopepuka ndipo sanapangidwire kusenza kanthu. Ndinaitanidwapo ku nyumba ina ku Chilomoni kumene anaika mazenera atsopano popanda kufufuza zimenezi. Pasanathe mwezi, zenera la kuchipinda chogona linasiya kutseguka chifukwa felemu linali litapindika pakati, ndipo kuchokera pangodya yake mng'alu unakwera ngati masitepe motsatira mizere ya njerwa mpaka kukafika kudenga, wokula moti chala changa chaching'ono chinkalowa. Mwini nyumbayo ankaimba mlandu wogulitsa mazenera, chikhalirecho vuto linali m'khoma lake lomwe. Choncho musanalipire aliyense, semani pulasitala pang'ono pamwamba pa ngodya ya zenera limodzi kuti muone ngati pali konkire. Ngati palibe, mtengo wothira lintel, yopitirira masentimita 15 mpaka 20 mbali zonse ziwiri za zenera, ulowe m'bajeti yanu kuyambira pachiyambi.

Kayezedwe nakonso kamasiyana. Felemu lachitsulo limamangidwira m'khoma ndipo pulasitala amabwera pambuyo kudzabisa zolakwika, pamene la aluminiyamu limayezedwa pulasitala atatha kale ndipo limangomangidwa ndi masikuluwu m'malo amene atsala. M'nyumba yakale n'zosowa kupeza malo a zenera owongoka bwinobwino, n'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amayeza m'lifupi katatu, pamwamba, pakati ndi pansi, amayezanso msinkhu katatu, kenako amayeza mopingasa kuchokera pangodya ina kupita pa ina. Amene wayeza kamodzi n'kukwera njinga yake adzakubweretserani zenera limene mipata yake adzaitseka ndi silikoni wochuluka, ndipo silikoniyo akadzamatuka madzi adzapeza njira.

Tsopano nkhani ya mphepo, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse m'dziko lotentha ngati lathu. Muyezo umene amisiri timayendera ndi wakuti mazenera a chipinda asachepere gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa pansi pa chipindacho, ndipo mbali imene imatsegukadi isachepere gawo limodzi mwa magawo 20. Chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali chili ndi masikweya mita 12, motero chimafuna zenera la masikweya mita 1.2 lokhala ndi mbali yotseguka ya 0.6. Koma muyezo umenewu ndi wongoyambira, ndipo ku Chikwawa kapena ku Nsanje munthu sangagone nawo tulo mu Novembala. Chimene ambiri sazindikira n'chakuti mazenera awiri ofanana kukula angathe kulowetsa mphepo yosiyana kwambiri. Zenera lokankhira m'mbali limatseguka theka lokha, chifukwa chitseko chimodzi chimangobisala kuseri kwa chinzake, ndipo ngakhale thekalo silikwana mukachotsera mafelemu amene amapitirirana pakati. Munthu amene wachotsa zenera la ma louvre n'kuikapo lokankhira m'mbali lofanana kukula wadula pafupifupi theka la mphepo ya m'chipinda chake, ndipo kawirikawiri amamaliza ndi kugula fani, imene imangokhala chete magetsi akazima.

Ma louvre anthu amawanyoza masiku ano, amati amakumbutsa nyumba zakale za boma ndi makalasi a ku pulayimale, koma palibe zenera lina limene limawaposa pa kulowetsa mphepo. Amatseguka pafupifupi ponseponse, mukhoza kuwapendeka kuti mphepo ilowere m'mwamba kapena pabedi, ndipo mvula ikakhala yopanda mphepo mukhoza kuwasiya otseguka pang'ono osanyowetsa m'nyumba. Ku Salima, ku Nkhotakota, ku Mangochi, ku Karonga ndi ku Chigwa cha Shire ndimawalimbikitsabe popanda manyazi. Zofooka zawo n'zodziwika. Satseka mpaka kuthina, motero fumbi la mu Seputembala limalowa, ndipo ku Dedza kapena ku Mzuzu mu Juni, ngakhalenso ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chikagwa, chipinda cha ma louvre chimazizira kwambiri. Magalasi ake wakuba amangowasolola limodzilimodzi atapinda timalata towagwira, choncho popanda zitsulo zotchinga akuba sangateteze nyumba. Mukawasankha, gulani mafelemu ake a aluminiyamu okhuthala, chifukwa otchipa aja amachita dzimbiri pa mfundo zake ndipo chogwirira chimathyoka pasanathe zaka zingapo.

Zenera lachitsulo lotsegukira kunja pa mahinjesi, limene owotcherera a ku Ndirande ndi ku Mchesi amapanga tsiku ndi tsiku, lili ndi ubwino umene sutchulidwa mokwanira. Chitseko chake chikatseguka chimaimirira kunja kwa khoma n'kukola mphepo imene ikudutsa m'mbali mwa nyumba, n'kuilowetsa m'kati, chinthu chimene lokankhira m'mbali silingachite. Ambiri amakhalanso ndi kazenera kakang'ono pamwamba kotseguka chokwezera, kamene mungakasiye kotsegula usiku wonse ngakhale mvula ikugwa, ndipo mpweya wotentha, umene umakwera m'mwamba, umatulukira pomwepo. Likawonongeka, wowotcherera aliyense wa pamsika angalikonze, ndipo galasi limodzi laling'ono likasweka simulira nalo mtengo. Mdani wake ndi dzimbiri, limene limayambira pa chitsulo cha pansi pamene madzi amakhazikika putty, lomwe ndi phala lomatira galasi ku felemu, akauma n'kung'aluka. Pogula, funsani ngati lapangidwa ndi zitsulo zenizeni za mazenera, zokhala ndi mpata woti chitseko chikhazikikemo, osati zitsulo zopyapyala zongolumikiza, ndipo muumirire kuti lipakidwe penti wofiira woteteza dzimbiri mbali zonse, ngakhale mbali imene idzabisike m'khoma, lisanaikidwe. Ndinene pano kuti mazenera ambiri achitsulo amene ndimaitanidwa kuti ndikachotse sakhala oti n'kutayidwa, amangofuna kupalidwa, kupakidwa penti, ndi kuikidwa putty ndi zogwirira zatsopano.

Sindikutanthauza kuti aluminiyamu ndi woipa. Sachita dzimbiri, safuna penti, ndipo akapangidwa bwino amatseka mothina kuposa chitsulo, zimene zimathandiza panyumba ya m'mbali mwa msewu wafumbi kapena waphokoso. Lokankhira m'mbali limayenera pakhonde ndi panjira yopapatiza pamene chitseko chotsegukira kunja chingamenye munthu kumutu, ndipo pabalaza lalikulu lokhala ndi mazenera mbali ziwiri theka lija limakwanira. Komanso aluminiyamu yemweyo amapangidwa wotseguka pa mahinjesi kapena chokwezera, ndipo m'zipinda zogona ameneyu ndi amene ndimamusankha, kungoti ogulitsa ambiri sakuuzani mukapanda kufunsa. Pa lokankhira m'mbali yang'anani zinthu zitatu zimene sizioneka pa chithunzi, timawilo timene limayendera, timaburashi totseka mipata, ndi timabowo totulutsira madzi m'ngalande ya pansi. Timabowo timeneti tikasowa, kapena tikatsekeka ndi fumbi ndi pulasitala, ngalandeyo imadzaza n'kusefukira m'nyumba, ndipo penti wa pansi pa zenera amayamba kutukumuka. Kumbukiraninso kuti timawilo tikatha, kupeza tina n'kosavuta ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, koma kwa munthu wa ku Ntchisi kapena ku Phalombe ndi ulendo.

Za mazenera amatabwa sindichulutsa mawu. A mlombwa kapena mbawa youma bwino amakhalitsa ndipo satenthetsa ngati chitsulo, koma matabwa amenewa akusowa ndipo ndi odula. Mkungudza wa ku Mulanje, umene unkadziwika kuti chiswe sichiudya, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo si woti munthu aziufunafunanso. Paini wosathiridwa mankhwala amadyedwa ndi chiswe, ndipo thabwa lililonse losauma limapindika moti zenera limakana kutsekeka m'dzinja.

Galasi limafuna kuganiziridwa palokha. Popeza dziko lathu lili kum'mwera kwa equator, mu Juni ndi Julaye dzuwa limadutsira chakumpoto, motero zenera loloza kumpoto limalandira kadzuwa kofunditsa m'nyengo yozizira, pamene m'chilimwe dzuwa limadutsa pamutu ndipo denga lotulukira kunja bwino limalitchinga. Lovuta ndi zenera loloza kumadzulo, chifukwa kuyambira cha m'ma 2 koloko masana dzuwa limatsika n'kulowa m'chipinda mwachindunji, makoma n'kusunga kutenthako mpaka usiku. Kumeneko musakulitse zenera, ndipo khonde, mtengo wamthunzi kapena kadenga pamwamba pake zimathandiza kuposa galasi lakuda, limene limatentha lokha n'kutulutsira kwina kwa kutenthako m'kati. Galasi lonyezimira ngati kalilole lili ndi chinyengo chinanso. Masana wa kunja sakuonani, koma usiku mukayatsa magetsi zimatembenuka, inu simuona kunja pamene wodutsa pamsewu akuona zonse, choncho makatani mudzagulabe. Pa makulidwe, la mamilimita 3 limayenera pa tizigawo ting'onoting'ono ta zenera lachitsulo, la mamilimita 4 kapena 5 pa zigawo zazikulu, ndipo zenera lotsika pafupi ndi pansi pamene ana amathamanga likhale ndi galasi lolimbitsidwa limene likasweka silisanduka mipeni. Kubafa ndi kuchimbudzi ikani losaonekera m'kati, lotseguka chokwezera. Abale a ku Britain amakonda kulangiza za magalasi awiriawiri okhala ndi mpweya pakati, koma amenewo anapangidwira kusunga kutentha m'nyumba zotsekedwa miyezi yambiri, ndipo kwa ife amene timakhala ndi mazenera otsegula ndalamayo ingagwire ntchito yabwino kwina.

Zinthu ziwiri zimene zimakumbukiridwa mochedwa, zenera litaikidwa kale, ndi sefa wotchinga udzudzu ndi zitsulo zotchinga akuba, zimene ambiri timangoti ma burglar bar. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, nthawi yomweyo imene mukufuna zenera lotsegula, motero zenera lopanda sefa limakhala lotseka ndipo mphepo yonse imene tawerengera ija imapita pachabe. Lokankhira m'mbali limalandira sefa mosavuta ngati felemu lake lili ndi ngalande yachitatu. Ma louvre amaikidwa sefa kunja. Lotsegukira kunja ndi limene limavuta, chifukwa sefa amakhala m'kati ndipo ayenera kutseguka kuti dzanja lifike pa chogwirira, ndiye funsani wopangayo akuonetseni mmene zenera, zitsulo ndi sefa zidzakhalire pamodzi asanadule chitsulo. Dziwaninso kuti sefa amachepetsako mphepo, chomwe ndi chifukwa china chosaumirira pa muyezo wochepetsetsa uja. Pa zitsulo zotchinga akuba, zikhale zolowa m'khoma kapena zowotcherera ku felemu lachitsulo, osati zongomangirira ku aluminiyamu, koma mbali ya zipinda zogona pakhale zenera limodzi limene zitsulo zake zimatseguka ndi loko, kiyi wake ali pamalo amene aliyense wa m'nyumba akudziwa, chifukwa moto ukabuka pabalaza usiku zitsulo zomwezo zimatsekera anthu m'kati.

Ntchitoyi muichite pakati pa Meyi ndi Seputembala, kuti konkire wa lintel ndi pulasitala ziume bwino ndiponso kuti nyumba isagone yotseguka mvula ili pafupi. Gwirizanani ndi mmisiri polemba za makulidwe a felemu ndi a galasi, ndipo sungani gawo lina la malipiro mpaka mutayesa zenera lililonse nokha. Litseguleni ndi kulitseka kangapo ndi dzanja limodzi, mulitseke n'kuyang'ana m'mphepete ngati kuwala kukulowa, kenako wina aime panja ndi ndowa ya madzi n'kulithira kuchokera pamwamba inu muli m'kati mutayala nyuzipepala youma pansi pake.