Mwana wonenepa, dzuwa lili mbee koma vitamini D akuperewera

Kwathu kuno mwana akanenepa timangoti akudya bwino, azakhali mpaka kumutsina tsaya amvekere koma ndiye thanzitu. Koma ife achipatala pali chimene timachiona chomwe maso sangaone, ana onenepa kwambiri nthawi zambiri magazi awo amakhala ndi vitamini D wochepa kusiyana ndi anzawo a msinkhu umodzi.

Vitamini ameneyu thupi limapanga lokha pakhungu dzuwa likatiomba, kenako amakakonzedwa kuchiwindi ndi ku impso ndipamene amayamba ntchito yake yothandiza matumbo kuyamwa kashiamu wolimbitsa mafupa. Nde vuto lake ndi loti amasungunuka m'mafuta osati m'madzi, mafuta a m'thupi akachuluka amamubisa mommo, m'magazi nkungotsala pang'ono. Tangoganizani supuni imodzi ya shuga, mu kapu tiyi amatsekemera koma supuni yomweyo mukathire mu ndowa, simumva kanthu.

Kuonjezera apo mwana wonenepa uja ndi amene sakonda kutuluka panja, mwina anzake amamugemula pa mpira mwina amatopa msanga. Ana a mtauni masiku ano kusukulu pa galimoto, pobwera pa galimoto, akafika ndi katuni kapena foni, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera zili pambali. Ndipo dzuwa lolowera pa windo lagalasi silipanga vitamini D ayi, galasi limatchinga cheza chofunikacho. Khungu lakudali limafunanso nthawi yotalikirapo padzuwa, nchifukwa chake abale amene muli ku Britain a NHS, omwe ndi azaumoyo a boma kumeneko, amalangiza kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D patsiku kuyambira Okotobala mpaka Malichi pamene dzuwa limakhala lofooka, ndipo kwa akhungu ngati lathuli amati bwino chaka chonse.

Kwa ana aang'ono kuperewera kukafika poipa ndi paja timaona matewe, miyendo kupindika. Achinyamata sizioneka choncho, amangodandaula miyendo kuphwanya, msana, kutopa, kuvutika kukwera masitepe, makolo nkumangoti ndi ulesi wa kunenepa basi. Apa ndipamene zimandidandaulitsa chifukwa zaka zimenezi ndi zomwe mafupa amamangika kwambiri. Chotsimikizira ndi kuyeza magazi, vitamini D akatsika pansi pa 30 nmol/L (muyezo wake m'magazi) ndiye kuti waperewera, 50 kupita mtsogolo ndi zokwanira kwa ana ambiri.

Tsono musathamangire ku famase kuti mapilisi a vitamini D amuphwetsa mwana, sachepetsa thupi amenewo. Mwana wosakwana chaka amafunika 400 IU (IU ndi muyezo wa mavitamini) patsiku, woposa chaka 600 IU, wonenepa kwambiri amene wapezeka kuti waperewera adokotala atha kumupatsa mlingo wokulirapo koma izo aziona ndi iwowo, chifukwa mukapyoza muyezo vitamini ameneyu amaunjikana m'thupi, kashiamu nkukwera m'magazi mpaka kuononga impso.

Pa zakudya, mazira makamaka chachikasu chamkati chija, chiwindi, nsomba zamafuta ngati zam'chitini zija ndi majarini wina amene analemba kuti anaikamo vitamini D. Shuga ndi mafuta ophikira a ku Malawi zomwe amathiramo ndi vitamini A, musasokoneze. Usipa ndi matemba mwana azidya ndi minga yomwe kuti apeze kashiamu, ndipo akaweruka kusukulu foni ikhale kaye pa tebulo, akasewere fulaye kapena mpira panja dzuwa lisanapendeke.